Kuphunzitsa Ana Maina Enieni a Ziwalo Zobisika

Mwana wa zaka 3 amatha kuloza mphuno, khutu, cigongono ndi mcombo, ndipo makolo ake amakondwera pomumva akuchula bwino ziwalo zimenezi. Koma phunziro lomweli likafika pa ziwalo za pakati pa ciuno ndi maondo, akulu-akulu ambiri amakhala cete. Ena amaletsa mwanayo kufunsa, pamene ena amamupatsa dzina longopeka lomwe limadziwika m'nyumba imeneyo mokha.

Akatswiri a zaumoyo ndi a citetezo ca ana m'maiko ambiri amalangiza kuti mwana azidziwa maina enieni a ziwalo zake zonse, kuphatikizapo zobisika, asanayambe sukulu. Cifukwa cacikulu n'cakuti mwana amene akudwala, kapena amene wina akumucita zoipa, amafunika mau oti munthu wamkulu aliyense awamve nthawi yomweyo. Mwana wosowa mau otero akhoza kudandaula koma osamveka, ndipo thandizo limabwera mocedwa.

Kwa anthu olankhula Cinyanja nkhaniyi ili ndi vuto lapadera, pakuti ena mwa maina enieni a ziwalozi ndi omwenso anthu amatukwanirana. Kamba ka ici, ngakhale makolo ofunitsitsa kuphunzitsa ana ao amasowa mau oyambira.

Dzina lenileni ndi lotani?

Dzina limachedwa lenileni ngati likwaniritsa zinthu zitatu. Coyamba, liyenera kuloza ciwalo cimodzi cokha, kuti womva asafunsenso kuti ndi pati. Caciwiri, liyenera kumveka kwa munthu wamkulu aliyense wolankhula cinenero cimeneco, kaya ndi mphunzitsi, namwino, wapolisi kapena mnansi. Cacitatu, mwana ayenera kudziwa kuti akhoza kulichula kwa makolo kapena kwa dokotala popanda kusekedwa kapena kukalipiridwa.

Dzina lotero likhoza kukhala la Cinyanja kapena la Cingelezi. Cofunika n'cakuti lidziwike kunja kwa banjalo. Dzina limene amai ndi mwana wao amamvana awiri okha limathandiza posamba m'mawa, koma silithandiza tsiku limene mwanayo ali kusukulu, kucipatala kapena kwa acibale kumudzi.

Mitundu itatu ya mau m'Cinyanja

Mau okamba za ziwalo zobisika m'Cinyanja akhoza kugawidwa patatu.

Mtundu woyamba ndi wa mau acindunji, monga mbolo, macende ndi nyini. Awa ndi mau akale a cinenero, ali m'mabuku otanthauzira mau, ndipo mabuku ena a zaumoyo amawagwiritsa nchito. Koma popeza amamvekanso m'mikangano ya pamsika ndi kumalo omwera mowa, anthu ambiri amawatenga ngati kutukwana, kotero kuti mwana akawachula amadzudzulidwa, mwinanso kukwapulidwa kumene.

Mtundu waciwiri ndi wa mau ozungulira, monga kumaso, kutsogolo, kunsi, cinthu ndi kanthu. M'makomboni a mu Lusaka makolo ena amachula ciwalo ca mwana wamwamuna kuti kadoyo, liu lomwe limatanthauzanso kacirombo. Mau amenewa amasunga ulemu, koma aliwonse ali ndi matanthauzo awiri kapena kuposerapo. Mwacitsanzo, mtsikana akauza aphunzitsi ake kuti, "Amalume amandigwira kumaso," aphunzitsiwo akhoza kuganiza za nkhope ndi kupitiriza kulemba pa bolodi. Kamnyamata kakanena kuti kadoyo kakumuwawa, wamkulu amene sadziwa liulo akhoza kuyamba kufuna nyerere m'malaya. Vuto lomweli lili pa mau akuti kugona, kusewera ndi kusamba. Liu lakuti kusamba limanena za kutsuka thupi komanso za msambo wa akazi, ndipo mwana wamng'ono amadziwa tanthauzo loyamba lokha.

Mtundu wacitatu ndi wa mau ofotokoza nchito kapena malo a ciwalo, monga malisece, njira ya mkodzo, njira yobadwira mwana, kotulukira cimbudzi ndi cibelekero. Mau awa ndi amene amamveka kawiri-kawiri pa wailesi ndi m'makiliniki. Ndi aulemu ndipo aliyense amawamva. Kufooka kwake n'kwakuti liu lakuti malisece ndi lotakata, motero limafunika kuonjezera mau ena osonyeza malo enieni.

Njira imene banja lingatsate mosavuta ndiyo kugwiritsa nchito mau a mtundu wacitatu tsiku ndi tsiku, kenaka kuuza mwana dzina lacindunji la Cinyanja ndi la Cingelezi, ndi kumufotokozera kumene mainawo amachulidwa. Mwana amene anaphunzira kuti mpeni ndi wodulira ndiwo, wosati wosewera nao, akhozanso kuphunzira kuti liu lina ndi lochula kwa amai ake ndi kwa namwino, wosati lotukwanira anzake.

Ziwalo zimene mwana ayenera kudziwa

Mwana wamwamuna ali ndi mbolo, imene m'Cingelezi ndi penis. Ndiyo njira ya mkodzo, ndipo mnyamata akatha msinkhu ndi mmenenso mumadzera umuna. Kunsi kwake kuli kathumba ka khungu kosunga macende awiri, amene amapanga mbeu ya abambo munthu akakula. Khungu la kunsonga kwa mbolo ndi limene limacotsedwa pa mdulidwe.

Mwana wamkazi ali ndi njira zitatu zosiyana. Kutsogolo kuli njira ya mkodzo. Pakati pali nyini, yomwe ndiyo njira ya msambo ndi yobadwira mwana, ndipo m'Cingelezi ndi vagina. Kumbuyo kuli kotulukira cimbudzi. Mbali yonse yakunja yooneka ndi maso imachedwa vulva m'Cingelezi, ngakhale kuti anthu ambiri, ophunzira omwe, amasokoneza maina awiriwa. Mkati mwa mimba muli cibelekero, momwe mwana amakulira asanabadwe, ndi timatumba tiwiri tosunga mazira. Atsikana ambiri amakula akuganiza kuti mkodzo ndi magazi a msambo zimadzera njira imodzi, cifukwa palibe anawafotokozerapo.

Ana onse ayeneranso kudziwa matako, mawere ndi cikhodzodzo, comwe ndi thumba losunga mkodzo. Pophunzitsa za citetezo, pakamwa pamawerengedwanso pamodzi ndi ziwalo zimene munthu wina saloledwa kuseweretsa.

Mwambo ndi kusintha kwa nthawi

Makolo akale sanali kusiya ana mu umbuli pa nkhani za thupi. Pakati pa Acewa, Ansenga ndi Angoni a m'cigawo ca kum'mawa, nchito imeneyi inali ndi eni ake. Mtsikana akatha msinkhu anali kulowa m'cinamwali, kumene anamkungwi ndi alangizi anali kumuphunzitsa za ukhondo, ulemu ndi za m'banja. Anyamata anali kumva zambiri kwa ambuya ao aamuna, kwa atsibweni ndi kwa anzao okulirapo ku mphala. Atate ndi amai omubala mwana sanali kukamba naye nkhani zotere, pakuti unali mwiko, koma ambuya ndi azakhali anali pafupi ndipo anali omasuka.

Zinthu ziwiri zasokoneza dongosolo limeneli. Coyamba ndi kusamukira m'matauni. Banja lokhala ku Kanyama, Chawama kapena Mtendere likhoza kukhala kutali ndi ambuya amene ali ku Katete kapena ku Petauke, ndipo mwana amakula wopanda wamkulu amene mwambo umamulola kukamba naye. Caciwiri ndi nthawi imene malangizo amwambo amabwera. Cinamwali cimadikira kuti mtsikana athe msinkhu, pamene ngozi ya kugwiriridwa imagweranso ana a zaka 4 kapena 7, anyamata ndi atsikana omwe.

Motero kuphunzitsa mwana wamng'ono maina a ziwalo sikulanda nchito ya alangizi. Kumadzaza zaka zimene mwambo unazisiya zopanda mphunzitsi. Komwe atate kapena amai akuona kuti sangathe, akhoza kupempha ambuya, azakhali kapena mlangizi wa kuchalichi, malinga ngati onse agwirizana pa mau amodzi-modzi.

Kukula kwa vuto m'dziko lino

Mu 2014 boma la Zambia linacita kafukufuku wa nkhanza zocitikira ana, mothandizana ndi sukulu ya University of Zambia, bungwe la UNICEF ndi bungwe la zaumoyo la ku America la CDC. Pakati pa acinyamata a zaka 18 mpaka 24 amene anafunsidwa, mtsikana mmodzi pa 5 alionse ndi mnyamata mmodzi pa 10 alionse ananena kuti anacitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18.

Kafukufuku wa zaumoyo wa Zambia Demographic and Health Survey wa mu 2018 anasonyeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati poyamba.

Nthawi zambiri wocita mwana nkhanza sakhala mlendo. Amakhala munthu amene mwanayo amamudziwa ndi kumukhulupirira, monga wacibale, mnansi kapena bwenzi la banja. Munthu wotere amadalira kuti mwanayo sadzanena, ndipo manyazi ochula ziwalo zobisika amamuthandiza. Ana olemala ali pangozi yaikulu koposa. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2012 mothandizidwa ndi bungwe la World Health Organization anapeza kuti nkhanza zotere zimawagwera pafupi-fupi katatu kuposa ana anzao. Kwa mwana wosamva, izi zitanthauza kuti makolo ndi aphunzitsi ayenera kumuphunzitsa zizindikiro za ziwalozi m'cinenero ca manja.

Zimene ofufuza anapeza

Vuto la kusowa maina si la m'Africa mokha. Mu 2008 akatswiri awiri a ku America, Maureen Kenny ndi Sandy Wurtele, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana osayamba sukulu ya pulaimale. Pafupi-fupi onse anali kudziwa maina a ziwalo monga maso ndi manja, koma ocepa kwambiri ndiwo anali kudziwa maina enieni a ziwalo zobisika. Ana olankhula Cisipanishi kunyumba anali kudziwa zocepa kuposa olankhula Cingelezi, kusonyeza kuti cinenero ndi cikhalidwe ca banja zili ndi mbali yaikulu pa nkhaniyi.

Ku Britain, mu 1995, Michele Elliott, Kevin Browne ndi Jennifer Kilcoyne anafalitsa zimene anamva kwa amuna 91 opezeka ndi milandu yogwirira ana. Ambiri mwa amunawo anaulula kuti anali kusankha ana osadzidalira ndi osowa wowasamala. Atafunsidwa mmene ana angachinjirizidwire, anachula kuti makolo ayenera kukamba ndi ana ao momasuka za thupi ndi za kugonana.

Bungwe la UNESCO linatulutsa malangizo a maphunziro amenewa mu 2009 ndi kuwakonzanso mu 2018. Malangizowa amagawa ana m'magulu anai a misinkhu, kuyambira zaka 5 mpaka 8, ndipo amaika kudziwa maina ndi nchito za ziwalo zoberekera pakati pa zoyamba kuphunzira, cifukwa ca umoyo ndi citetezo ca mwana.

Kucipatala

Mwambi umati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Dokotala amayambira pa zimene wodwala wanena, ndipo pali matenda a ana amene kucedwa kuwafotokoza kumabweretsa ngozi.

Mwacitsanzo, limodzi la macende a mnyamata likhoza kupotokola mwadzidzidzi ndi kutsekereza magazi. Izi zimacitika maka-maka pa zaka za kutha msinkhu, ndipo zimafuna opaleshoni mkati mwa maola 6 kuti ciwaloco cipulumuke. Mnyamata wamanyazi amangonena kuti m'mimba mukupweteka, amapatsidwa mankhwala a m'mimba, ndipo maola ofunikawo amatha.

Matenda a m'njira ya mkodzo amagwira atsikana kawiri-kawiri. Mwana amene angathe kunena kuti akumva kuwawa pokodza amathandizidwa msanga matendawo asanafike ku impso.

Likodzo, lomwe limafala m'madambo, m'madamu ndi m'mitsinje momwe muli nkhono, limacititsa mwana kukodza magazi. M'madera ena anyamata amauzana kuti mkodzo wofiira ndi cizindikiro ca kukula, ndipo sauza aliyense. Kwa atsikana likodzo likhoza kuyambitsa zironda m'ziwalo za mkati, zomwe nthawi zina zimayesedwa matenda opatsirana pogonana. Mankhwala a praziquantel amaciza likodzo, koma amafika kwa mwana msanga ngati iye wanena cimene waona.

Kupolisi ndi kukhoti

Malamulo a dziko lino amasiyanitsa milandu malinga ndi zimene zinacitika kweni-kweni. M'buku la malamulo la Penal Code, ndime 137 imakamba za kugwira munthu mosayenera, pamene ndime 138 imakamba za kugona mwana. Mu 2005 nyumba ya malamulo inaonjezera cilango kotero kuti wopezeka ndi mlandu wogona mwana wosafika zaka 16 azikhala m'ndende zaka zosacepera 15, mwinanso moyo wake wonse. Mu 2011 kunabwera lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act, mu 2016 makhoti ozenga milandu ya nkhanza mwamsanga anatsegulidwa ku Kabwe ndi ku Lusaka, ndipo mu 2022 lamulo la Children's Code Act linasonkhanitsa pamodzi malamulo okhudza ana.

Ngakhale malamulo ali okhwima cotere, khoti silingamange munthu popanda umboni womveka. Woweruza ayenera kudziwa ciwalo cimene cinagwiridwa ndi cimene cinacitika. Nthawi zambiri mboni yoona ndi maso imakhala mwanayo yekha. Milandu imalembedwa m'Cingelezi, motero mau a mwana wolankhula Cinyanja amadzera mwa womasulira. Mwana akanena kuti "anandicita zoipa" kapena "anasewera nane," womasulira sangaonjezere zake, ndipo woimira wozengedwa mlandu amapeza mpata wonena kuti mauwo ali ndi tanthauzo lina. Mwana wodziwa maina enieni amafotokoza mwacidule, ndipo safunika kubwerezedwa mafunso ambiri omukumbutsa zowawa.

Kusukulu

Mu December 2013, nduna za maphunziro ndi za zaumoyo za maiko 20 a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa zinasaina pangano ku Cape Town lolimbikitsa maphunziro a za thupi ndi kugonana kwa acinyamata. Mu 2014 dziko la Zambia linayamba kuphunzitsa za Comprehensive Sexuality Education kuyambira giredi 5 mpaka 12. Silinali phunziro loima palokha, koma linalowetsedwa m'maphunziro ena monga sayansi, zacikhalidwe, zacipembedzo ndi zapakhomo.

M'caka comweco boma linalamula kuti ana a giredi 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'zinenero za kwao, ndipo Cingelezi cizitenga malo kuyambira giredi 5. Zotsatira zake zinali zakuti ana ambiri anayamba kumva maina a ziwalo zoberekera m'Cingelezi cokha. Izi zinapeputsa manyazi a aphunzitsi, koma zinasiya mpata pakati pa kalasi ndi khomo, pakuti ambuya a kumudzi sangamve mdzukulu wao akachula vulva kapena penis.

Kafukufuku amene Joseph Zulu wa ku University of Zambia ndi anzake anacita m'boma la Nyimba, amene anafalitsidwa mu 2019, anapeza kuti aphunzitsi anali kudzisankhira okha zophunzitsa. Ena anali kudumpha mitu imene anaiona ngati yosemphana ndi mwambo kapena cipembedzo, ena anali kungolimbikitsa kudziletsa.

Mu 2020 atsogoleri ena a mipingo anadandaula ndi maphunzirowa, ndipo phungu wina anapempha nyumba ya malamulo kuti ayambe aimitsidwa. Aphungu anakana pempholo. Pambuyo pake boma linaunikanso maphunzirowa ndi kuwapatsa dzina lakuti Life Skills and Health Education.

Cofunika kuzindikira n'cakuti mwana wa giredi 5 amakhala ndi zaka 11 kapena kuposerapo. Zaka zonse za m'mbuyo mwake zili m'manja mwa banja.

Nkhawa za makolo

Nkhawa yoyamba ndi yakuti mwana akadziwa maina amenewa adzafuna kuyesa zaciwerewere. UNESCO, itaunika kafukufuku wocokera m'maiko ambiri, inanena mu 2018 kuti maphunziro oyenera msinkhu saonjezera mcitidwe wogonana pakati pa acinyamata, ndipo m'malo ambiri amathandiza kuti acedwe kuyamba. Ndiponso kudziwa dzina la ciwalo n'kosiyana ndi kuphunzira za m'banja. Mwana wa zaka 4 amamva liu lakuti malisece monga momwe amamvera liu lakuti bondo. Manyazi amawaphunzira poona nkhope za akulu.

Nkhawa yaciwiri ndi yakuti mwana adzachula mauwo pagulu ndi kucititsa makolo manyazi. Izi zimacitikadi, maka-maka kwa ana aang'ono. Cofunika ndi kumukumbutsa mofatsa kuti nkhani za ziwalo zobisika zimakambidwa kunyumba, kucipatala kapena kwa wamkulu womuthandiza. Kumumenya kumamuphunzitsa kuti kuchula mbali imeneyo ya thupi ndi mlandu, ndipo tsiku limene adzafunika kunena adzaopa.

Nkhawa yacitatu ndi ya cipembedzo. Mabanja opemphera akhoza kuphunzitsa mainawa pamodzi ndi cikhulupiriro cao cakuti thupi lonse linalengedwa ndi Mulungu ndipo liyenera kulemekezedwa. Kuchula ciwalo molondola sikuletsa kholo kuphunzitsa kudzisunga.

Palinso mfundo yakuti mwana amene sanamve kwa makolo amakamva kwina. Amamva kwa anzake, m'nyimbo, pa foni kapena pa intaneti, ndipo kumeneko mau oyamba kuwadziwa amakhala otukwana.

Zoyenera pa msinkhu uliwonse

Kuyambira zaka 2 mpaka 5, nthawi yabwino ndi yosamba ndi yovala. Kholo limachula ziwalo zonse motsatana, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osadumpha ndi osasintha mau. Amai akhoza kunena kuti, "Apa ndi pa malisece pako. Ndi pako wekha. Ine ndimakusambika cifukwa ukali wamng'ono, ndipo adokotala akhoza kukupima ine ndilipo. Wina akakugwira pamenepa, undiuze, sindidzakukalipira."

Kuyambira zaka 6 mpaka 9, mwana ayenera kumasamba yekha ndi kudziwa kusiyana kwa thupi la mwamuna ndi la mkazi. Akafunsa komwe khanda lacokera, ayankhidwe kuti linakulira m'cibelekero ca amai, m'malo momunamiza kuti linagulidwa kucipatala. Aphunzire kuti munthu wamkulu womuuza kusunga cinsinsi cokhudza thupi lake, kapena womupatsa maswiti ndi ndalama kuti akhale cete, ndiye woyenera kuululidwa. Adziwenso akulu atatu kapena anai amene angawauze, ndi kuti woyamba akapanda kumva, apite kwa waciwiri.

Atsikana amayamba kusintha thupi pakati pa zaka 8 ndi 13, anyamata pakati pa zaka 9 ndi 14. Motero mtsikana ayenera kumva za msambo usanamufikire, kuti asadzaganize kuti wavulala kapena walodzedwa. Mnyamata ayenera kumva za kusintha kwa mau, kumera kwa tsitsi la m'khwapa ndi la pa cinena, ndi kutulutsa umuna kutulo.

Kuyambira zaka 10 kupita mtsogolo, ana afunika kudziwa momveka mmene mimba imakhalira, mmene kacirombo ka HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana amafalira, ndi kuopsa kotumiza zithunzi za malisece pa foni. Mau monga akuti "usamasewere ndi anyamata" sakwanira, pakuti safotokoza cimene cimabweretsa mimba.

Mwana akaulula

Kuphunzitsa maina kumakhala ndi phindu ngati wamkulu ali wokonzeka kumva. Mwana akanena kuti wina wamugwira kapena wamugona, womvayo ayenera kudekha, kumukhulupirira ndi kumuuza kuti wacita bwino kunena ndipo si wolakwa. Asamufunse mafunso omuikira mau m'kamwa. Ngati mwanayo wagwiritsa nchito dzina lozungulira, afunsidwe modekha kuti aloze kapena afotokoze malo ake, ndipo mau ake asungidwe monga momwe wawanenera.

Ngati nkhanzayo yangocitika kumene, mwana asasambitsidwe ndipo zovala zake zisacapidwe asanapimidwe, cifukwa pamakhala umboni. Apite naye kucipatala mwamsanga. Mankhwala ochinjiriza ku HIV, ochedwa PEP, amagwira nchito akayambidwa mkati mwa maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Kwa mtsikana wotha msinkhu kulinso mankhwala oletsa mimba, amene amathandiza kwambiri akamwedwa msanga.

Nkhaniyo iyenera kukanenedwa ku nthambi ya apolisi ya Victim Support Unit, imene inakhazikitsidwa mu 1994 kuti ithandize ana, azimai ndi okalamba ocitidwa nkhanza. M'zipatala zambiri muli malo ochedwa One Stop Centre, komwe wazaumoyo, waphungu ndi wapolisi amapezeka pamodzi. Pa cipatala cacikulu ca University Teaching Hospital mu Lusaka malo otere othandiza ana anatsegulidwa mu 2006. Nambala ya 116 ya Childline ndi ya 933 ya Lifeline ndi zaulere.

Mlandu wogona mwana suyenera kuthera pakhomo mwa kulipirana ndalama, mbuzi kapena ng'ombe, ngakhale wolakwayo akhale wacibale kapena wodyetsa banja. Mwana amene analimba mtima kuchula cimene cinamucitikira amaonera pa zocita za akulu ngati kunena kunali kothandiza, ndipo abale ake aang'ono nawonso amakhala akuona.